Mpweya wa Achimwene

3 Febuluwale

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ndilipo, kupatula dzino lija lomwe likundikumbutsabe kuti nalonso lilipo. Musadabwe kuti Mzime wanu, amene sanalembepo kalata chitulukireni sukulu, lero wagwira cholembera. Foni yanu imalira muli mushopu, ndipo mushopumo ndi momwe Achimwene amakhala tsiku lonse. Nkhani ndili nayoyi sindikufuna ayimve ikutuluka m'foni pakati pa kulira kwa makina osokera. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi ya m'mawa, ndipo ndamuuza kuti ayipereke m'manja mwanu basi.

Choyamba, ali bwanji? Bala la pakhosi lija linapola? Akudya? Mauthenga anga pafoni sayankha. Ndimangoona kuti awerenga.

Tsopano nkhani. Gulu lathu loyimba la Dzimbiri lapeza woyimba wina. Tadikira miyezi khumi ndi umodzi chiwachitireni opaleshoni Achimwene, ndipo adokotala ananena poyera, inu mulipo, kuti mawu aja sadzabwereranso. Mwezi watha Ndevu, wa gitala uja, anatiyitana ine ndi wa gitala ya besi n'kutifunsa kuti, "Amwene, tiyimba, kapena tigulitse zida aliyense aone msana wa njira?" Nyimbo zisanu ndi zinayi zomwe Achimwene anapeka asanadwale zangokhala m'kompyuta ya ku situdiyo. Tinazijambula mongoyeserera nthawi ija, iwo akuyimba, ndipo palibe wina anazimvapo.

Tinayitana anthu kudzayesedwa. Anabwera khumi ndi asanu ndi awiri. Pafupifupi onse ankafuna kutenga dzina la pasiteji la Achimwene n'kukhala Chigayo wachiwiri, kubangula mowatsanzira mpaka kutsokomola. Wina anasanza m'ndowa ya zinyalala. Womaliza anali mtsikana wochepa thupi amene amagwira ntchito pamalo omwetsera mafuta galimoto, ndipo anabwera ndi yunifolomu yake yonunkha petulo. Iyeyu sanatsanzire munthu. Mawu ake ndi opyapyala koma amacheka, ndipo amadutsa pamwamba pa magitala osapempha njira. Wa besi anamupatsa dzina loti Lumo tsiku lomwelo.

Tinagwirizana kuti amene akufuna timutenge akweze dzanja. Ndevu anakweza, wa besi anakweza. Ine ndinakweza pomalizira, koma sindikunamizani, ndinakweza.

Chichitireni zimenezo mtima wanga suli m'malo. Kumapeto kwa mwezi uno tiyamba kujambula chimbale, nyimbo zomwezo za Achimwene, woyimba Lumo. Ndikukupemphani, Achemwali, muwauze ndinu. Inu mumadziwa nthawi yomwe nkhope yawo yamasuka. Muwauze kuti mng'ono wawo sanawataye. Akanena kuti ayi, mundiuze momwemo, musandibisire.

Ndine,
Mzime


17 Febuluwale

Iwe Mzime,

Tili bwino tonse, ndipo alamu ako apereka moni. Dzinolo kazule, usadikire kuti likutupitse tsaya ngati chaka chija.

Kalata yako ndinayiwerengera kuseri kwa shopu, nditayimirira, ngati ndikuba. Nditamaliza ndinayipinda kanayi n'kuyiponya m'chitini cha mazipi akale, momwe simufika dzanja la munthu wina. Sindinawauze, ndipo usandikakamize.

Iwe uli kutali, sukuona zomwe ndikuona ine. Munthu amene ankati akakuwa pasiteji mawindo a holo n'kumanjenjemera, lero amakhala pampando wapakona n'kumasokerera mabatani pa mayunifolomu a sukulu. Ndipo amasokerera bwino kuposa ine mwini shopu. Batani lawo silithothoka. Akafuna kulankhula amanong'ona mpaka uchite kuyandikitsa khutu, ndipo akatopa amalemba m'kakope komwe amayenda nako m'thumba la malaya. Dzana kasitomala wina anawayang'ana nthawi yayitali n'kufunsa, "Pepani bambo, kodi si inu a Chigayo a ku Dzimbiri?" Iwo anamwetulira n'kulemba m'kope kuti, "Ayi, timangofanana." Kasitomala anapepesa. Ine ndinanamizira kuti ulusi wakuda wandithera, ndinatuluka kukapukuta maso.

Tsono munthu wotereyu ndikamuuze kuti mpando wake wakhalidwa ndi mtsikana wa petulo? Ndiyambire pati?

Ukudziwa kuti phokoso lanulo ine sindinalikondepo. Ndinabwera kudzakuonerani kamodzi kokha, mutu unandiwawa masiku awiri. Anyamata atsitsi losapesa akugwedeza mitu ngati akukana mlandu, magitala akulira ngati wina akuwapweteka, ndiyeno Achimwene, nyimbo ikafika pokoma, n'kufulatira anthu amene alipira pakhomo kumawaonetsa msana. Ine ndinati mwano wanji umenewu, koma anthu m'pamene ankakuwa kwambiri. Komabe ngakhale sindinalikonde, ndinkadziwa kuti phokoso limenelo ndiwo moyo wawo.

Ndevu ndi wa besi sindikuwada, ndi anthu apadera, ali ndi mabanja awo. Koma iwe ndi Achimwene munayamwa bere limodzi. Ng'oma yako yoyamba anakugulira ndi iwo, atagulitsa njinga yawo. Dzanja lako likanakhala pansi, Mzime. Ukanagonja awiri kwa mmodzi, koma likanakhala pansi.

Ndiwauza ndikaona kuti alimba. Pakadali pano usalembe za nkhaniyi pafoni yawo. Ndipo ukamatumizanso kalata, uyikemo singano za makina, zonenepa zosokera jinzi. Kuno zasowa m'masitolo monse.

Mlongo wako


9 Malichi

Achemwali,

Moni kwa nonse. Singano ndatumiza, mapaketi awiri, zili mu envelopu momwemu, musabayidwe potsegula. Dzino ndinazula.

Mawu anu aja anandilasa, ndipo sindikudziteteza. Koma ndikuuzeni zomwe zikundichitikira kuno. Mwina museka, mwina muona kuti chilango chandipeza kale.

Tinayamba kujambula. Situdiyo yake ndi kachipinda kopanda windo, makoma omata masiponji, fungo la nsapato ndi mawaya otentha. Nyimbo zathu, ngati mukukumbukako kupyola mutu unakuwawaniwo, zili ndi malo pomwe zida zonse zimaima nthawi imodzi, zii, kenako tonse n'kugwera limodzi ngati khoma likugwa. Pamenepo m'pamene anthu amapengera. Woyamba kugwa ndimakhala ine, ena amatsatira ng'oma. Tsono Achemwali, ndikulephera kulowa. Zaka khumi ndi zinayi ndikuyimba ng'oma pagulu, lero ndikuchedwa ngati wophunzira.

Chifukwa chake sindinauzepo munthu. Ine pakachete paja sindinkawerenga kugunda kwa nyimbo mumtima monga amachitira anzanga. Ndinkamvera mpweya wa Achimwene. Iwo ankaukoka mwamphamvu, maikolofoni ili pakamwa, ndipo unkatulukira m'sipika ya pambali panga, hhaa, ngati munthu akufuna kunyamula thumba la simenti. Ndikangoumva, manja ankagwa okha. Zinayamba kalekale tikugona chipinda chimodzi, ine ndikumenya ndowa ya amayi, iwo akuyimbira m'botolo. Sindinaganizepo kuti tsiku lina mpweyawo udzasowa.

Lumo sapuma choncho. Amakoka mpweya ndi mphuno, mwakachetechete, maso ali kutsogolo, ndipo sumva kanthu. Ine ndimadikira, manja ali m'mwamba, mpweya osabwera. Ndikamadzidzimuka nyimbo yapita kale.

Lachisanu tinabwereza nyimbo imodzi kakhumi ndi kawiri. Ndevu anavula gitala n'kunena, "Mzime, wagona kodi? Kapena ukuchita dala?" Lumo anabwera kudzaima pafupi ndi ng'oma, anandiyang'ana m'maso n'kuti, "A Mzime, ngati vuto ndine, nenani. Sindine mwana." Ndinati, "Ayi, ndi dzino." Dzinolo ndinali nditazula kale sabata yonse.

Mtsikanayu musamude. Nyimbo zonse anaziloweza asanabwere, ndipo akamatchula Achimwene amati "abwana". Tsiku lina anandifunsa ngati akudziwa za iye. Ndinati akudziwa. Limenelo ndi bodza lachiwiri, ndipo ndikuona kuti mabodza akuyamba kundizolowera.

Mwawauza? Ndikudikira yankho lanu.

Mzime


21 Epulo

Achemwali,

Sabata zisanu ndi imodzi zatha osamva kanthu kuchokera kwa inu. Dalaivala akulumbira kuti kalata anakupatsani, ndipo akuti munali mukudula nsalu yobiriwira. Ndiye simunadwale. Ndikungoganiza kuti munawauza, anakwiya, ndipo mukusowa pondiyambira. Ngati zili choncho, lembani mawu awiri okha. Kukhala chete kwanuku kukundiwawa kuposa kutukwanidwa.

Chimbale chatha. Ndakutumizirani chimodzi, ndicho cholimbacho mu envelopu. Dzina lake ndi Tikadali Pano. Kumbuyo kwake kwalembedwa ndi zilembo zazikulu kuti nyimbo zonse anapeka ndi Chigayo. Ndevu ankafuna zilembo zazing'ono, Lumo ndi amene anakana.

Mwina mufunsa kuti munthu wolephera kulowa uja wamaliza bwanji chimbale. Apa m'pamene pali nkhani yomwe ikundidya. Mwini situdiyo ndi mkulu wina wa dazi amene salankhula mawu oposa asanu patsiku. Tsiku lina ena atapita anandifunsa, "Ukudikira chiyani?" Ndinamuuza zonse. Iye sanaseke. Anati ndibwere mawa lake m'mawa ndekha. Nditafika anandiveka mahedifoni n'kutsegula zojambula zakale zija, zoyeserera, zomwe Achimwene anayimba asanadwale.

Achemwali, mawu aja anabwera m'makutu mwanga athunthu, okhakhala, ngati munthu waima pambali panga. Pakachete paja ndinamva hhaa, manja n'kugwa okha. Nyimbo zisanu ndi zinayi ndinazimaliza masiku atatu, osabwereza kawiri. Nyimbo yachinayi ndinayimba misozi ikugwera pang'oma, mkulu wa dazi uja akunamizira kuti akufuna waya pansi pa tebulo. Kenako anachotsa mawu a Achimwene, n'kusiya ng'oma zanga zokha. Ndevu ndi wa besi anaikapo magitala, Lumo n'kuyimba pamwamba pake. Onse anandiyamikira kuti ndadzuka. Palibe akudziwa kuti chimbale chonsechi ndayimba ndi munthu amene sakumvekamo.

Koma pasiteji palibe zojambula. Tikhazikitsa chimbalechi pa 28 Juni, m'holo yomwe ija inakuwawitsani mutu. Tayamba kuyeserera tonse pamodzi, ndipo matenda aja abwereranso momwe analili. Ndevu akundiyang'ana ngati ndamubera. Lumo wayamba kuchepetsa mawu, akuganiza kuti ndikumukana mwadala chifukwa cha Achimwene. Ndikanakonda zikanakhala choncho, bwenzi ndili ndi chonena.

Ndiuzeni chomwe ananena. Ngakhale chikhale chowawa chotani.

Mzime wanu


8 Meyi

Mzime,

Tili moyo. Kalata zako ziwiri zinafika, ndipo singano zinali zenizeni, zikomo. Sindinayankhe chifukwa ndinalibe chokuuza. Sindinawauze. Tsiku lililonse ndinkati mawa, ndipo chimbale chija nacho ndinachiponya m'chitini cha mazipi. Paja amati chakudza sichiyimba ng'oma, koma chathuchi chinabwera ndi ng'oma zako zomwe.

Linali Lachitatu masana, sabata ziwiri zapitazo. Ine ndinali pamakina, Achimwene ali pakona pawo ndi malaya a sukulu pamiyendo. Wailesi ya pashelefu inali ikulira monga mwa masiku onse. Ndinangomva muulutsi akukuwa kuti, "Dzimbiri yabweranso, ndipo yabwera ndi mawu atsopano!" Ndinadzambatuka kuti ndikatseke, phazi n'kukodwa m'chingwe cha ayironi. Ndisanafike, Achimwene anakweza dzanja. Anatulutsa kakope kaja, n'kulemba liwu limodzi: "Kweza."

Ndinakweza. Anamvera singano ili m'malere, maso ali pakhoma. Mtsikana wanuyo anayamba kuyimba, iwo osaphethira. Kenako nyimbo inafika paja unanena m'kalata, zida zonse zii. Mzime, ndinaona ndi maso angawa chifuwa chawo chikukwera. Anakoka mpweya, hhaa, ndipo ng'oma zako m'wailesi zinagwa pomwepo ndendende, ngati uli m'shopu momwemo. Tsitsi linandiyima. Ine amene ndinkati zonsezi ndi phokoso chabe.

Nyimbo itatha anamaliza kaye kusokerera batani lija, n'kuluma ulusi. Analemba, "Unadziwa liti?" Ndinati, "Febuluwale." Anandiyang'ana mpaka ndinazolika. Analembanso, "Chimbale chilipo?" Ndinakachitulutsa n'kuwapatsa. Kalata zako sindinatulutse, ndinaona kuti tsiku limodzi silingasenze zonse.

Chichokereni tsiku limenelo kushopu sakubwera. Anatenga wailesi ya alamu ako yoyimba zimbale n'kulowa nayo kuchipinda kwawo. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ndi chimbale chomwecho, makamaka nyimbo yachinayi, kuyibwereza mpaka ana ayiloweza. Mayi woyandikana nafe anabwera kudzafunsa ngati tatsegula malo owotcherera zitsulo. Chakudya akudya, koma salemba kanthu kwa ine. Ndikagogoda amatsegula, n'kundigwedezera mutu, n'kutsekanso. Ndinasuzumira tsiku lina ndinawaona akulemba m'kope n'kumang'amba, pansi pali mapepala okhaokha.

Ndinakudzudzula za dzanja lako, koma lero ndikuona kuti ine ndalakwa koposa. Tawapweteka tonse awiri, iwe pokweza dzanja, ine potseka pakamwa. Usabwere kaye kuno. Ndikuopa kuti mungaonane mitima ikadali yotentha, n'kulembana mawu omwe sangafufutike.

Mlongo wako


20 Meyi

Achemwali,

Moni. Kalata yanu ndayiwerenga katatu. Musadzidandaule, munachita zimene munaona kuti n'zowateteza. Woyambitsa zonsezi ndine.

Dzulo Ndevu anandiyitanira panja pa holo yoyeserera. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anati, "Mzime, ndiwe m'bale wanga, koma matikiti ayamba kugulidwa. Ndikupatsa mpaka pa 7 Juni. Zikakanika, pali mnyamata wina amayimba ng'oma kuhotela, wanena kuti akhoza kugwirizira." Ndinati ndamva.

Sindidikira kuti andichotse. Pa 7 pomwepo ndikawauza ndekha kuti ndasiya. Ndaganiza mokwanira. Ng'oma zanga zinali za mawu a munthu mmodzi, ndipo mawuwo kulibenso. Ngati Achimwene adzitsekera m'chipinda chifukwa cha chimbale chomwe ine ndinakwezera dzanja, sindingakhale pasiteji n'kumamwetulira anthu. Lumo nayenso apume, mwana wa eni wavutika ndi mlandu womwe sakuudziwa.

Muwauze kuti dzanja lija ndalitsitsa. Kachedwe, koma ndalitsitsa. Ndipo ngati mushopu muli malo a munthu wosita zovala, mundisungire. Manja ndili nawo olimba.

Mzime


2 Juni

Iwe Mzime, chitsiru cha mng'ono wanga,

Ndili bwino. Bala linapola kalekale, ndikudya kuposa alamu ako, ndipo mimba yayamba kutsogola. Mauthenga ako pafoni sindinkayankha chifukwa onse ankati "muli bwanji", ndipo funso limenelo ndinali ndisanalipezere yankho.

Kalata yako ya pa 20 dalaivala anapatsa ine nditangobwerera kushopu, chifukwa mlongo wathu anali atapita kukayesa mkwatibwi. Dzina pa envelopu silinali langa, koma ndinaona zilembo zako zonga mapazi a nkhuku, ndinatsegula. Zina zija ndinakazipeza m'chitini cha mazipi. Mlongo wako amaganiza kuti m'chitinimo simufika dzanja la munthu, kuyiwala kuti amene amasanja mazipi amenewo ndine. Ndinali nditaona kale mapepala opindidwa kuyambira Malichi, koma ndinkati ndi zachinsinsi za iye ndi alamu.

Ndakwiya, inde, koma osati ndi zomwe mukuganiza. Miyezi inayi mwakhala mukunong'onezana pamutu panga ngati ndili m'bokosi. Adokotala anadula khosi, makutu ndi mutu anandisiyira. Za dzanja lakolo, ukanapanda kukweza ndikanabwera komweko kudzakukwezetsa ndi khofi. Nyimbo zija sindinapekere kompyuta ya mkulu wa dazi.

Usaganize kuti sizinawawe. Nditamva mtsikanayo akutsegula pakamwa pa nyimbo yanga, nsanje inandigwira. Masiku atatu ndinkamvera kuti ndimupeze cholakwa. Sindinachipeze. Nyimbo yachiwiri komanso yachisanu ndi chitatu waziyimba kuposa momwe ndikanayimbira ine ndili ndi khosi langa. Umuuze choncho, ndipo umuuze kuti asiye kunditchula abwana, sindinamulembe ntchito. Ndevu umuuze kuti gitala yake pa nyimbo yachisanu ndi chimodzi yatalika ngati ulaliki wa mlendo. Ng'oma zako ndi zabwino, koma ndinadziwa ndisanawerenge kalata zako kuti sunayimbe ndi iye. Pakachete paliponse wasiya mpata wa chifuwa changa. Mwana wochepa thupi uja mwamuveka jekete langa.

Tsopano khala pansi, ndikuuze chomwe chinanditsekera m'chipinda ndikung'amba mapepala. Sunali mkwiyo ayi. Anali manyazi.

Unayamba wadzifunsapo chifukwa chake ndinkafulatira anthu nyimbo ikafika pakachete? Anthu ankati ndi sitayilo ya Chigayo, mlongo wathu ankati ndi mwano, ndipo ine ndinkawasiya aganize choncho. Zoona zake n'zakuti ine sinditha kuwerenga kugunda kwa nyimbo. Sindinathepo. Zida zikangoti zii, m'mutu mwanga mumada, sindidziwa kuti tilowa liti. Ndinkatembenuka kuti ndikuone iwe. Usanamenye, chigongono chako chakumanzere chimanyamuka pang'ono, ngati munthu akufuna kugunyuza mnzake. Unkachita zimenezo uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri pa ndowa ya amayi, ndipo sunasiyepo. Ndikangochiona chikunyamuka, m'pamene ndinkakoka mpweya.

Wamva? Zaka zonsezi iwe umati ukutsatira ine, pomwe ine ndimatsatira iwe. Mpweya uja unamva m'mahedifoni n'kumalirira pang'oma, ndinaukoka nditayang'ana chigongono chako m'situdiyo momwemo zaka ziwiri zapitazo. Unkadzitsatira wekha, mphwanga. Ine ndinali mtengamawu chabe.

Ndikanakuuza kale, koma mkulu amauza bwanji mng'ono wake kuti popanda iwe sindingalowe nyimbo? Dzina linali langa, zithunzi zinali zanga, atsikana ankakuwira ine. Ndinkati ndidzanena tsiku lina. Nditamva chimbale ndinadziwa kuti ukuvutika, ndipo ndinayamba kalata kakhumi osayimaliza. Ya pa 20 ija ndi yomwe yandichotsa manyazi. Pepa. Liwu limeneli ndalilemba ndi dzanja langa, ulisunge, silidzabweranso.

Tsono pa 7 ukachite izi. Usakasiye. Ukayitane Lumo pambali umuuze zonse, ndi za mahedifoni zomwe, chifukwa wamunamiza kokwanira. Kenako umuuze kuti zida zikaima atembenuke ayang'ane chigongono chako chakumanzere. Anthu akanena kuti akutsanzira Chigayo, asiyeni anene, akadzazolowera adzasiya kutembenuka. Ndipo iwe, chikanyamuka chigongonocho, usachiimitse m'malere kudikira munthu. Chimadziwa nthawi yake. Menya basi.

Mushopu mulibe malo ako. Woyimba mmodzi wosokerera mabatani ndi wokwanira pa banja limodzi, ndipo ndakuonapo ukusita malaya, ndi zomvetsa chisoni.

Pa 28 ndikubwera ndi basi ya m'mawa. Mlongo wathu akuti abwera nawo, wagula kale thonje lotsekera m'makutu. Musanditchule pa maikolofoni, musandiyitanire pasiteji, sindikufuna kuomberedwa m'manja ngati wodwala. Mpando wanga usaike kutsogolo. Uuike kumbali kwa siteji, kumanzere kwako, poti ndizichiona bwino chigongonocho.

Mkulu wako